Kalata kwa a Nduna ya Zamalonda: lamulo la zitsulo zakale liyambire pasikelo

Olemekezeka a Nduna ya Zamalonda ndi Mafakitale, pamodzi ndi akuluakulu a makhonsolo athu,

Ine ndine mmisiri wa zitsulo wa mumzinda wa Blantyre. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi amalume anga ku Ndirande ndili mnyamata, ndipo mpaka lero ndi imene ikuphunzitsa ana anga. Ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo oda ikapezeka, koma zondidyetsa tsiku ndi tsiku ndi mbaula, makasu, nkhwangwa ndi mawilibala. Pafupifupi zonsezi zimachokera ku chitsulo chimene wina anataya. Sipuling'i ya lole yakufa ndi imene imatulutsa nkhwangwa yosabuntha msanga. Mgolo wobooka umatipatsa mbaula zingapo. Chiwaya chimene anyamata amakazingirapo tchipisi pamsika chinayamba chagwira ntchito ina chisanafike pamoto. Choncho mukamakambirana za zitsulo zakale m'maofesi mwanumo, dziwani kuti mukukambirana za nsima ya anthu ngati ine, komanso ya amayi ndi anyamata ambirimbiri amene amayenda ndi thumba kutola zimene ife timagula.

Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene amamveka nthawi zonse thiransifoma ya ESCOM ikabedwa kapena mamita a madzi akazulidwa usiku. Anthu amati malonda a zitsulo zakale angotsekedwa basi, otola onse athamangitsidwe. Mkwiyo umenewo ndimaumvetsa chifukwa nanenso unandigwirapo. Kumudzi kwathu mjigo unali umodzi wokha. Tsiku lina amayi atalawirira kukatunga anapeza mutu wa mjigo palibe, chopukusira palibe, ndodo zam'kati zasololedwa zonse, pangotsala konkire ndi bowo. Mayi anga, amene mawondo awo anatha kale, anabwereranso kumtsinje kumene anasiya kutunga zaka zambiri zapitazo. Komiti ya mjigo inayenda khomo ndi khomo miyezi ingapo kusonkhetsa ndalama, ena mpaka kugulitsa nkhuku zawo. Wakubayo mwina anapezapo ya mowa wa masiku awiri. Mudzi unalipira kuwirikiza kambirimbiri, osawerengera ana amene anatsegula m'mimba dzinja limenelo.

Ndiye sindikuikira kumbuyo mbava ayi. Ndikufuna zigwidwe. Koma muzigwire pamalo pamene zingagwidwedi, ndipo malo ake ndi pasikelo.

Wakuba chitsulo sadya chitsulo, a Nduna. Akachizula usiku, kukacha chiyenera kukwera pasikelo ya munthu wina kuti chisanduke ndalama. Otola ndi ochuluka ngati nyerere, simungathe kuwalondola onse. Koma masikelo ndi owerengeka, mabwalo akuluakulu ounjikirako zitsulo ndi ochepa, ndipo amene amadzaza makontena n'kuwatulutsa pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe ndi ochepa kuposa pamenepo. Mukamathamangitsa wa thumba n'kusiya wa sikelo, mukuthyola masamba mtengo uli chiimire.

Ine pasikelo ndimaimapo pafupifupi sabata iliyonse, kusankha zoti ndikagwiritse ntchito. Zimene zimatuluka m'thumba la mayi wotola ndimazidziwa ngakhale nditatsinzina: zitini, misomali yopindika, khasu lotha mpaka kutsala ngati chikhatho, felemu ya njinga yothyoka, poto wobooka, tizidutswa ta malata odyeka. Zonse zofiira ndi dzimbiri, zonunkha dothi la kudzala. Akamuyezera amalandira tindalama take, n'kudutsira pogula kathumba ka ufa ndi bonya. Kenako chakumadzulo pamafika wina pa njinga, thumba lake laling'ono koma lolemera. Akamasula mumaona waya wa kopa wonenepa ngati chala, wodulidwa mapisimapisi, wakuda bii chifukwa anauwotcha kuti pulasitiki ichoke. Tsiku lina amabwera ndi zitsulo zotuwa zosachita dzimbiri, zokhala ndi mabowo a mabawuti otalikirana mofanana, kumapeto kwake kukunyezimira poti sowo yadutsapo dzulo lomweli. Ngakhale mwana wa sukulu angakuuzeni kuti chimenecho chachoka pa nsanja ya magetsi. Wogulayo amadziwa, ndipo amadziwa bwino kuposa ine. Amagwetsa mtengo podziwa kuti wogulitsayo alibe kokadandaula, amalipira pamanja, dzina osafunsa. Pofika mawa katunduyo wakwiririka pansi pa mulu kapena wasungunulidwa kale.

Alipo ogula amene amakana, ndisawanamizire onse. Ndinaonapo bambo wina akubweza chivundikiro cha ngalande ya pamsewu, n'kumuuza wobweretsayo kuti akachibwezere pamene wachichotsa. Koma chivundikirocho chinangowoloka msewu n'kukakwera pasikelo ya mnzake amene safunsa. Pamene palibe woyang'anira, wachilungamo ndi amene amagona ndi njala, ndipo mawa lake amayamba kuganiza kawiri.

Malamulo tili nawo kale. Dziko lino lili ndi lamulo la ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ndi zitsulo zakale kuyambira nthawi ya Dr Kamuzu Banda, ndipo kutumiza zitsulozi kunja kumafuna chilolezo cha unduna wanu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsanso zilango za anthu owononga zipangizo za magetsi. Zonsezo ndi zabwino, koma chilango chokhwima chimagwera munthu amene wagwidwa kale, pamene mudzi uli mumdima. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikugula zitsulo, sindinaonepo munthu wa boma atafika pasikelo n'kunena kuti, "Tioneni buku lanu, waya uyu anabweretsa ndani?"

Chimene ndikupempha ndi chimenecho. Aliyense wokhala ndi sikelo yogulira zitsulo akhale ndi chiphaso chopachika poonekera, ndi buku lolembamo amene wabweretsa katundu, mtundu wa katunduyo ndi kulemera kwake. Kale tikanati anthu alibe zitupa, koma chichitikireni kalembera wa 2017 Amalawi ambiri achikulire ali ndi chiphaso cha unzika. Kopa ndi mawaya a aluminiyamu asamalipiridwe pamanja. Ndalama zake zizidutsa pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, kuti wogulitsayo asiye phazi loti apolisi n'kulitsata. Ku England ndi Wales lamulo la 2013 linachita zomwezi: wogula zitsulo zakale ayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo, ayenera kutsimikiza dzina la womugulitsa, ndipo saloledwa kulipira pamanja. Ife sitingatengere zonse, chifukwa mayi wa zitini uja mwina alibe n'foni yomwe. Iyeyo musiyeni azilandira yake pamanja. Misomali yake si imene ikuzimitsa magetsi.

Pakhalenso zinthu zoti wogula asazikhudze n'komwe popanda kalata ya mwini wake: njanji, zikwangwani za pamsewu, zotchinga za m'milatho, zivundikiro za ngalande, mamita a madzi, zida za mjigo, ndi mitanda ya kumanda, pakuti nayonso ikuzulidwa masiku ano anthu osaopa n'mizimu yomwe. Kopa akagulidwa azikhala masiku angapo asanasungunulidwe kapena kupakiridwa, kuti a ESCOM ndi a mabungwe a madzi azitha kudzaona ngati muli chawo. Dzuwa likalowa sikelo izitsekedwa. Ndipo popeza mwafika kale pasikelopo, itanani a Malawi Bureau of Standards aziyeza masikelowo. Ena mwa iwo amadya gawo la thumba lililonse, ndipo wodyeredwayo ndi mayi yemwe uja amene wayenda tsiku lonse padzuwa.

Za kutseka malonda onse, anzathu anayesa kale. Pa 11 Januwale 2022 nsanja za magetsi zinagwa ku Nairobi, dziko la Kenya n'kukhala mumdima, ndipo zinadziwika kuti anthu anali atamasula zitsulo zake. Pa 20 Januwale, Pulezidenti Uhuru Kenyatta analetsa malonda onse a zitsulo zakale. Pofika pa 1 Meyi chaka chomwecho chiletsocho chinachotsedwa, n'kubwerera ku njira ya ziphaso ndi kaundula, chifukwa mafakitale osungunula zitsulo ndi anthu odalira kutola sakanatha kungokhala manja lende. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa maganyu, lamulo la 2015 limalola kumanga munthu mpaka zaka 30 chifukwa chowononga zipangizo zofunika za dziko, ndipo mu Novembala 2022 boma linaletsa kutumiza kunja kopa ndi zitsulo zakale kwa miyezi 6. Komabe kuba mawaya a sitima ndi a magetsi sikunathe. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tisadikire kupsa ndi moto umene tauona ukuwotcha anzathu.

Otola ang'onoang'ono nawonso apatsidwe poimira. Pali mnyamata wina amene amandibweretsera zitsulo, wamasiye, akulera azing'ono ake awiri. Tsiku lina anaimitsidwa pamsewu ndi anthu ena ovala yunifolomu, n'kumulanda wilibala ndi katundu yense. Munalibe waya ngakhale umodzi. Munali malata akale a khola limene mwini wake anachita kumuitana yekha kuti adzachotse. Sanamupatse lisiti, sanamuuze mlandu wake, ndipo wilibalayo sinabwererenso. Anadzandipeza pashedi maso ali psuu, n'kundifunsa kuti, "Madala, ndiye ana aja adya chiyani? Ndiyambe kuba kwenikweniko?" Ndinamuwotcherera wilibala ina pangongole, ndipo anamaliza kubweza patapita miyezi inayi. Mnyamata ameneyu akanakhala ndi kachiphaso ka khonsolo, kotchipa, kotengera pa ofesi ya kudera kwake komweko osati ku Lilongwe, akanakhala ndi chotulutsa m'thumba. Lamulo likakhala losamveka bwino, aliyense wovala yunifolomu amalimasulira mmene akufunira, ndipo wolira amakhala wosauka. Mukalanda katundu, lembani lisiti ndipo nenani khoti limene munthuyo akaonekere.

Tsopano ndifike pa chitsulo chimene chimandiwawa kwambiri, chimene mwini wake ndi boma lenilenilo. Yendani kuseri kwa maofesi a boma, kuseri kwa zipatala, m'mabwalo osungira magalimoto a zamisewu, muone chuma chimene chikudyedwa ndi mvula. Kwathu, kuseri kwa ofesi ina, kuli ambulansi yakufa imene yakhala pamiyala kuyambira ana anga ali aang'ono. Matayala anachoka kalekale, magalasi anasweka, nkhuku zimaikiramo mazira, ndipo pamene panali injini pamera kamtengo. Pambali pake pagona thalakitala, mabedi achitsulo ounjikizana, ndi thanki ya madzi yogwa chammbali. Chaka chilichonse ndikadutsapo ndimapeza pachoka china, chaka chino chitseko, chaka chinacho giyabokosi. Palibe amene anagula. Zikungotha pang'onopang'ono usiku, ndipo boma silinapezepo ngakhale tambala imodzi.

Ine ndikaima pamenepo ndimaona makasu, nkhwangwa, ngolo ya ng'ombe, ndi mabenchi a sukulu. Ndinafunsapo ngati ndingagule, ndipo anandiyankha kuti mpaka kubwere anthu ochokera kulikulu adzalembe kuti galimotoyo yatha ntchito. Papita zaka, kamtengo kaja kakula. Chonsecho malamulo a kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma, amene bungwe la PPDA limayang'anira, anapereka kale njira yogulitsira zinthu zotha ntchito. Tumani anthu awerenge zitsulo zonsezi boma ndi boma, n'kuzigulitsa poyera, tsiku lolengezedwa pawailesi, pabwalo la m'boma lomwelo. Musaziunjike zonse kukhala mulu umodzi woti angaugule ndi munthu mmodzi wa makontena. Zigaweni timilu ting'onoting'ono kuti amisiri atatu kapena anayi akasonkherana athe kupikisana nawo. Wogula apatsidwe lisiti la boma, ndipo lisiti limenelo ndi limene lidzamuyankhire akakumana ndi ofunsa pamsewu. Boma likamasiya chitsulo chake chikuwola zaka ndi zaka, limaphunzitsa anthu kuti cha boma chilibe mwini. Munthu amene wazolowera kumasula chitseko cha ambulansi yakufa popanda womufunsa, mawa savutika mtima kumasula bawuti ya mlatho wamoyo.

Apa ndi pamene pali fupa la nkhaniyi: chosiyidwa ndi chotayidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo woyenera kutisiyanitsira ndinu. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo, ndipo kwa zaka zambirimbiri sitima sinafikenso ku Bangula ndi ku Nsanje. Njanji yogona m'tchire zaka zoposa 20, udzu utaikwirira, imaoneka ngati yopanda mwini. Mnyamata wobadwa sitima itasiya kale kuyenda angadziwe bwanji kuti chitsulocho chikadali m'mabuku a boma? Ntchito yokonzanso njanji ya Marka mpaka Bangula itayamba, tonse tinakumbutsidwa kuti chimene chagona sichinafe. Ku Monkey Bay kuli sitima ya pamadzi ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1901. Wa sikelo akaiona amawerenga matani, koma imeneyo ndi mbiri ya dziko, siyoyenera kudulidwa ndi moto wa gasi. Zinthu zoterezi zilembedwe, zipakidwe chizindikiro, ndipo mafumu a m'deralo auzidwe kuti ichi n'chosungidwa, icho chidzagulitsidwa tsiku lakuti. Mfumu ikadziwa, mudzi wonse umakhala mlonda.

Za kutumiza kunja ndinenepo mwachidule. Chitsulo chatsopano chambiri timachita kugula kunja ndi ndalama zakunja zimene zikusowazi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mapaipi ndi malata kuhadiweya inathawa, ndipo ambiri a ife tinatsamira kwambiri pa zitsulo zakale. Kumenekonso tikulimbirana ndi anthu amene amakagulitsa kunja n'kulandira madola. Sindikunena kuti kontena isatuluke. Ndikunena kuti iziyang'anidwa pamene ikupakiridwa, a MRA ndi eni zipangizo zimene zimabedwa ali pomwepo, osati kuchipata cha dziko itatsekedwa kale. Ndipo masipuling'i, migolo ndi mapaipi amene amisiri a muno angawasandutse zida aziyamba apezeka kwa ife asanawoloke malire. Khasu lopangidwa ku Ndirande ndi dola imene dziko silinatulutse.

Pali china chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndicho ngozi. Ana akutola zitsulo nthawi ya sukulu, ena atavala yunifolomu, mapazi ali pansi pakati pa malata akuthwa. Wogula amene walandira katundu kwa mwana nthawi ya maphunziro azilandidwa chiphaso. Mabatire akufa a galimoto ndi a sola, amene achuluka m'midzi masiku ano, akuswedwa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi kumuthira pansi pamene ana amasewera, mtovu kuusungunula m'chitini pa mbaula. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, makolo osadziwa chimene chalakwika. Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA liike malo odziwika olandirirako mabatirewa, ndipo wobweretsa azipatsidwa kangachepe kuti asawaswe yekha.

Choopsa kuposa zonsezi chinachitika mumzinda wa Goiânia ku Brazil mu Seputembala 1987. Amuna awiri analowa m'chipatala chosiyidwa n'kutengamo makina akale ochizira khansa, poganiza kuti apeza chitsulo chogulitsa. Anawaswa n'kukagulitsa kwa wogula zitsulo zakale. Mkati mwake munali ufa wowala mwa buluu usiku, wotchedwa caesium-137, ndipo anthu anaugawana poona kukongola kwake. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 6. Anthu pafupifupi 250 anapezeka kuti ufawo unawakhudza, ndipo oposa 100,000 anayenera kuyezedwa. Anthu amenewo anali ngati ife tomwe, otola ndi ogula, ndipo cholakwa chachikulu chinali cha amene anasiya makinawo popanda mlonda. Kuno kwathu zipatala zochiza khansa zayamba kutsegulidwa, ndipo mafakitale ena ali ndi zida zokhala ndi mphamvu yoopsa yomweyo. Makina oterewa asamafike pa mulu wa zitsulo popanda chilolezo cha bungwe loona za mphamvu ya atomiki, ndipo aliyense wotenga chiphaso cha sikelo aonetsedwe chizindikiro cha ngoziyi, chija cha masamba atatu akuda pachikasu, kuti akachiona asamenyepo nyundo. Anzanga ambiri pashedi sanachionepo n'kamodzi komwe.

A Nduna, mutu ukakula sulewa nkhonya, n'chifukwa chake zonsezi ndazitula kwa inu. Musanalembe malamulo atsopano, musamve za otumiza kunja okha ndi za mabungwe obedwa okha. Ife amisiri, otola ndi ogula ang'onoang'ono sitiitanidwa kumisonkhano ya m'mahotela, koma malo athu ndi odziwika: ku Ndirande, ku Mchesi, ku Biwi, ndi kuseri kwa msika uliwonse waukulu m'dziko muno. Tumani anthu anu Loweruka lina m'mawa, asadzavale masuti, adzangotsata kumene kukumveka nyundo. Adzaime nafe pasikelo mpaka madzulo, adzaone thumba la mayi wa zitini likumasulidwa, adzadikirenso la wa njinga uja.

Ine wanu,
Mmisiri wa zitsulo, Blantyre